Bandulo ya usiku idatha masewera asanathe

## Funso la dokotala

Chapakati pa chaka cha 2024 ndidaperekeza mlongo wanga ku chipatala mumzinda wa Tete, ndipo chifukwa cha dzuwa la kumeneko, limene ife a kumapiri a Angónia sitilizolowera, ndidavala chipewa chabuluu chimene ndidatola pa kaunjika ku Lizulu. Dokotala amene adatilandira adali wa ku Cuba, mmodzi wa aja akhala akugwira ntchito m'zipatala za dziko lino kwa zaka zambiri. Atamaliza kulemba mankhwala adaloza chipewacho, chimene ndidachigwira m'manja mwaulemu, nandifunsa m'Chipwitikizi chake chopendekera ku Chisipanishi ngati ndinali wa Dodgers. Ndidamuyankha kuti ndine wa Sporting. Adaseka mpaka kuvula magalasi, kenaka adatulutsa foni nandionetsa mnyamata wa kwawo, Andy Pages, amene adali atangoyamba kumene kusewerera Dodgers, timu ya baseball ya ku Los Angeles, ya zilembo ziwiri zija, L ndi A, zimene ndinkayenda nazo pamutu ndikuyesa chizindikiro cha fakitale.

Aliyense amene adayendapo pa msika wa Ulónguè, wa Dómuè kapena wa Zóbuè akudziwa kuti zipewa za NY ndi LA zili pamutu pa anyamata a njinga zamoto, pa ogulitsa kachewere ngakhalenso pa akuluakulu a mpingo akakhala kumunda. Zimabwera m'mabelo pamodzi ndi majekete ndi masokosi, ndipo palibe amene amafunsa kuti mwini wake woyamba ankasangalalira chiyani kapena kulirira chiyani pamene ankachivala. Kuseka kwa dokotala uja kudandikhala pamtima ulendo wonse wobwerera, kotero kuti chapa isanafike pa mphambano ya Mussacama ndidali nditalemba kale dzina la timuyo pa Google.

## Zimene ndimaona pa kauntala

Ntchito yanga ndi ya mafoni. Ndili ndi kashopu pafupi ndi msika, mmene ndimatchaja mafoni a anthu ochokera kumidzi kumene magetsi sadafike, kusintha magalasi osweka, kugulitsa kiredito ndi kuika kapena kutulutsa ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola. Chifikireni Movitel mu 2012 ndi kuimika nsanja zake kumadera amene ena ankawadumpha, foni idaleka kukhala ya aphunzitsi ndi amalonda okha. Mlimi wa ku Tsangano sakwezanso matumba a kachewere pa lole asanaimbire ku Tete kapena ku Beira kufunsa mtengo. Amayi okalamba amafika ndi nambala ya mwana wawo italembedwa pa kapepala komangidwa pa msonga ya chitenje, ndipo sachoka mpaka nditawawerengera uthenga wotsimikiza mokweza. A kumalire amayenda ndi masimu awiri, ina ya metikali, ina ya kwacha, ndipo amadziwa bwino chulu chimene netiweki ya ku Malawi imagwirira.

Achinyamata ndiwo ndimawaonetsetsa kwambiri, popeza amakhalitsa pa benchi podikira batire. Chala chachikulu chimangokankha galasi m'mwamba, ndipo pa TikTok kapena pa Facebook palibe chimene chimakhala pamaso pawo kupitirira mpweya uwiri. Chigoli cha Geny Catamo amachionera chili chodulidwa kale, popanda mphindi makumi asanu ndi atatu zimene zidachibala. Ena amakhala pa kandege kaja kobetchera, kamene kamakwera ndi ndalama zawo n'kuthawa asanadine. Atamva kuti ndayamba kutsatira baseball, funso loyamba lidali lakuti, "Ndiye mumabetcha zingati, achimwene?" Nditawauza kuti sindibetcha, adandiyang'ana momvera chisoni.

Sindiwaimba mlandu, chifukwa ndine ndimawagulitsa changu chimenecho. Mamega a tsiku limodzi amafa tsiku likatha kaya wawagwiritsa ntchito kaya ayi, a usiku amafa kukamacha, ndipo munthu amene wagula chinthu chokhala ndi nthawi yofera amaphunzira kumeza osatafuna. Pamene mitengo ya intaneti idakwezedwa mu Meyi 2024, mabandulo opanda malire n'kuchotsedwa, ophunzira adaguba ku Maputo mpaka chigamulocho chidaimitsidwa. Kuno sitidagube, koma ndidaona makasitomala akuzimitsa data uthenga wa WhatsApp ukangotuluka, ndipo chizolowezi chimenecho ambiri sadachisiye.

## Masewera a madontho

Baseball sagwirizana ndi moyo wotere ngakhale pang'ono. Matimu 30 a ligi yaikulu ya MLB, 29 a ku United States ndi imodzi ya ku Toronto, amasewera masewera 162 iliyonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala, pafupifupi tsiku ndi tsiku. Los Angeles ili kumbuyo kwathu ndi maola 9 m'nyengo imeneyo, kotero kuti masewera oyamba 7 koloko madzulo kumeneko amatipeza ife 4 koloko m'bandakucha. Kuonera vidiyo ya maola atatu pa mamega a kuno ndi kuwotcha phindu la sabata.

Chidandipulumutsa ndi tsamba laulere la MLB lotchedwa Gameday. Pamenepo palibe chithunzi choyenda. Pali kabokosi koimira malo amene woponya ayenera kudutsitsamo mpira, ndipo mpira uliwonse ukaponyedwa pamatuluka kadontho: kofiira ngati woponya wapeza bwino, kobiriwira ngati waphonya, kabuluu ngati womenya waumenya n'kulowa m'bwalo. Pambali amalemba liwiro lake, limene kwa oponya amphamvu limafika makilomita 160 pa ola, pa mtunda wa mamita 18 okha kuchoka pa woponya kufika pa womenya. Pansi pake pamabwera chiganizo chimodzi chonena zimene zachitika. Zonsezi zimadya mamega ochepa kwambiri moti bandulo yotsika mtengo ya usiku imakwana.

Ndidaphunzira masewerawa motero, ndili m'bulangeti m'kuzizira kwa Julayi, foni nditaichepetsa kuwala kuti ndisadzutse a m'nyumba. Pakati pa kadontho ndi kadontho pamadutsa masekondi khumi ndi asanu kapena kuposerapo, ndipo m'kanthawi kameneko mulibe choona. Munthu amayamba kuganiza yekha kuti woponya aponya chiyani tsopano, popeza madontho awiri ofiira alipo kale ndipo lachitatu litulutsa womenya. Chaka chimenecho ndi chimene Shohei Ohtani wa ku Japan, atasaina ndi Dodgers pangano la madola 700 miliyoni la zaka 10, adamenya ma home run 54 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) ndi kuba mabase 59 (kuthamangira pa base, kapena kuti ngodya ya bwalo, yotsatira mpira usanamenyedwe), chinthu chimene palibe adachichitapo m'chaka chimodzi. Zambiri mwa zimenezo ndidaziona ngati timadontho tabuluu.

## Lachisanu limene intaneti idazima

World Series ya 2024, masewera omaliza olimbirana chikho pakati pa Dodgers ndi New York Yankees, matimu a zipewa ziwiri za pa msika wathu, idayamba pa 25 Okutobala. Tsiku lomwelo, zotsatira za chisankho zitalengezedwa dzulo lake, intaneti ya pa foni idazimitsidwa m'dziko muno. Ndidadzuka usiku monga mwa chizolowezi, foni n'kumangozungulira. Mmawa ndidakwera njinga yamoto kulowera ku Calómuè mpaka pamene simu yanga ya ku Malawi idagwira, ndipo ndili m'mbali mwa msewu ndidawerenga kuti Freddie Freeman wa Dodgers, bondo la phazi lili lotupa, adamenya home run mabase onse atatu ali ndi anthu mu inning (chigawo cha masewera) ya 10, natseka masewera pomwepo.

Pa foni yomweyo, mauthenga amene adaunjikana adalowa onse nthawi imodzi, ndipo ambiri adali a zimene zinkachitika m'misewu ya Maputo. Masabata otsatira, pamene Facebook ndi WhatsApp zinkatsekedwa n'kutsegulidwa, anthu ankafa ndi zipolopolo, ndipo makasitomala anga ankandifunsa kuti VPN n'chiyani pofuna kumva ngati ana awo ali moyo. Sindidauze munthu kuti ndidaotcha petulo chifukwa cha masewera a ku America. Dodgers idatenga chikhocho popambana masewera 4 kwa 1, ndipo chimwemwe changa ndidachisunga m'thumba.

## M'mawa wa pa 28 Okutobala

Chaka chotsatira Dodgers idafikanso kumapeto, ulendo uno ndi Toronto Blue Jays. Masewera achitatu adayamba itangopitirira 2 koloko usiku wa Lachiwiri, pa 28 Okutobala 2025 kuno kwathu. Ohtani adamenya ma home run awiri, wachiwiriwo n'kufananitsa zigoli 5 kwa 5 mu inning ya 7. Masewera a baseball amakhala ndi ma inning 9, koma alibe wotchi yowathetsa ndipo salola kufanana mphamvu. M'kati mwa chaka pali lamulo lofulumizitsa, loika wothamanga pa base yachiwiri ma inning owonjezera akayamba, koma m'masewera olimbirana chikho lamulolo siligwira ntchito. Amangopitiriza mpaka wina atagonja.

Kunja kudayera, atambala adatopa, bandulo yanga ya usiku idafa, koma zigoli zidali zomwezo. Ndidagula ya masana, ndidasamba foni ili pa zenera, ndipo ndili panjira yopita ku msika ndidaima pansi pa mtengo kuwerenga mmene Clayton Kershaw, woponya wa Dodgers amene adali atalengeza kale kuti akupuma chaka chomwecho, adalowera mu inning ya 12 mabase onse ali odzaza natulutsa munthu mmodzi yekha amene adamuitanira.

Pa khomo la shopu ndidapeza atsibweni atakhala pa benchi, njinga ataitsamiritsa ku khoma. Mwana wawo wa ku Moatize adali atatumiza ndalama ya feteleza, ndipo iwo, monga mwa khalidwe lawo, adalawirira kuti akafike kumunda dzuwa lisanakwere, popeza mizere idali isanathe ndipo mitambo idali itayamba kusonkhana madzulo.

"Maso afiira chonchi bwanji, mwanawe? Kuli maliro kodi?"

"Iyayi atsibweni, ndi mpira. Udayamba usiku, mpaka pano sunathe."

"Mpira wanji wosatha? Woimbira wagona?"

Ndidawapatsa ndalama zawo, adaziwerenga kawiri n'kuzipinda m'thumba la mkati, koma sadanyamuke. Adafuna kuona. Nditawaonetsa kabokosi ndi madontho ndinkayembekeza kuti aseka monga amasekera anyamata, koma iwo adangoti, "Ndiye ndi wailesi imeneyi. Tawerenga timve."

Atsibweni adathawira ku Dedza mu 1986, nkhondo itafika m'midzi yathu, ndipo adakhala kumeneko mpaka mtendere utabwera. Amanena kuti m'zaka zimenezo chuma chachikulu cha pamalo pawo chidali wailesi imodzi ya mabatire, imene amuna ankaizungulira Loweruka masana kumvera Bullets ndi Wanderers pa MBC. Osewera amene ankawatchula maina tsiku ndi tsiku sadawaonepo nkhope. Munthu wotere safuna chithunzi kuti aone masewera, amangofuna womuuza molongosoka.

Ndipo kulongosoka adakufunadi. Adatola makadi anayi a kiredito okalakala kale pansi pa kauntala nawayala ngati ngodya zinayi za bwalo, natulutsa njere za chimanga m'thumba la jekete kuti zikhale othamanga. Ndidawafotokozera kuti timu imodzi imamenya, inzake imaponya ndi kuwakha, kuti atatu akatulutsidwa amasinthana, ndi kuti chigoli chimalowa munthu akazungulira makadi onse n'kubwerera pamene adayambira. Sadafune zambiri. Kadontho kalikonse kakatuluka ankafunsa zinthu ziwiri zokha, kuti atuluka angati ndi kuti ndani ali pati.

Mu inning ya 13 Dodgers idafikitsa munthu pa base yachitatu, njere imodzi itatsala khadi limodzi kuti ifike kwawo. Idali nthawi ya Ohtani. Padalibe kadontho ngakhale kamodzi, koma chiganizo chidatuluka chonena kuti wapita pa base yoyamba.

"Wamenya liti?"

"Sadamenye, atsibweni. Mphunzitsi wa Toronto wangokweza zala zinayi, kutanthauza kuti musamuponyere, mpatseni base yaulere."

"Mwadala?"

"Mwadala. Adachitanso chimodzimodzi mu inning ya 9 ndi ya 11."

Atsibweni adakhala kaye chete, kenaka adaseka chiseko chachikulu mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi adatembenuka. "Akumuopa! Anthu onse aja akuona, iye n'kuvomera poyera kuti uyu sindimutha. Ameneyo ndi munthu wanzeru. Pa bawo umalola mnzako adye njere ziwiri kuti asakugwetsere nyumba." Mookie Betts nayenso adapatsidwa base yaulere, makadi atatu onse adakhala ndi njere, ndipo Freeman adamenya mpira wautali umene udawakhidwa chakumpanda. Atsibweni adasesa njere zonse ndi dzanja limodzi mokhutira, ngati kuti nzeruyo idali yawo.

Kwa nthawi yoposa chaka ndidakhala ndikuwerenga za base yaulereyi ngati kanthu kotopetsa kochedwetsa masewera. Sindidaganizepo kuti m'menemo muli munthu, John Schneider, mphunzitsi wa Toronto uja, ataima pamaso pa khamu la adani ndi kusankha kunyozedwa m'malo moluza. Adafunika munthu wa wailesi kuti andionetse.

Anthu adayamba kuunjikana. Anyamata awiri a njinga zamoto adapempha kuti ndiike vidiyo, ndipo nditakana chifukwa cha mamega adaima pang'ono, adaona njere za chimanga pa kauntala, n'kumapita akupukusa mitu. Mayi wa zitumbuwa adatsala, pamodzi ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene adabwera kudzatenga foni yake. Makasitomala a M-Pesa ndinkawathandiza ndi dzanja limodzi, ndipo ndikachedwa kuwerenga atsibweni ankagogoda kauntala ndi chala. Mu inning ya 15 zala zinayi zija zidakwezedwanso, ndipo ulendo uno mayi wa zitumbuwa ndiye adayamba kunena kuti, "Amuopanso."

Chimene chidawagwira mtima kwambiri atsibweni ndi nkhani ya oponya. Woponya akachotsedwa sabwereranso, ndipo Dodgers idali itagwiritsa ntchito onse a pa benchi kupatula mmodzi, Will Klein, mnyamata amene matimu adamusinthanitsa kawiri chaka chomwecho ndipo sadali n'komwe m'gulu pa magawo oyamba a mpikisanowo. Ntchito yake ya masiku onse ndi kuponya inning imodzi. Tsiku limenelo adaponya zinayi, mipira 72, osalola chigoli. Nditawauza kuti Yoshinobu Yamamoto, amene adaponya masewera athunthu masiku awiri okha m'mbuyomo, wayamba kutenthetsa mkono chifukwa kulibenso wina, atsibweni adavula chipewa chawo n'kuchiika pa bondo. "Ndiye afika pothera," adatero. Za feteleza adali ataiwala.

Itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, mu inning ya 18, Freeman adabweranso. Madontho adafika pothera mbali zonse, atatu obiriwira ndi awiri ofiira. Kenaka kadatuluka kabuluu. Tsamba lija lili ndi khalidwe lake: limayamba lanena kuti mpira wamenyedwa ndipo chigoli chalowa, chiganizo chofotokoza n'kubwera pambuyo. Kwa masekondi angapo ndinkadziwa kuti zatha koma ndidalibe choti ndiwerenge, ndipo anthu anayi adali akundiyang'ana pakamwa. Chiganizo chitafika ndidachinena mokuwa. Atsibweni adatenga njere imodzi naiyendetsa pa makadi onse anayi mosafulumira, kenaka adaiponya m'kamwa. Masewerawo adatha 6 kwa 5, atatenga maola 6 ndi mphindi 39, ndipo adafanana kutalika kwa ma inning ndi a 2018 pakati pa Dodgers ndi Boston Red Sox. Ohtani adafika pa base maulendo 9.

## Kavidiyo ka madzulo

Madzulo a tsiku lomwelo mmodzi wa anyamata aja adabwera ndi foni yake. Home run ya Freeman idali itamupeza yokha pa Facebook. Tidaionera limodzi: munthu akumenya, mpira ukuuluka, anzake akudumphadumpha. Idatha tisanakhale pansi. "Basi? Zimene mudagonera m'maso ndi zimenezi?" adafunsa, ndipo sadalakwe. Kavidiyoko kadalibe kanthu. Home run imafanana ndi inzake iliyonse, ndipo chimene chidapangitsa imeneyi kukhala yolemera ndi ma inning khumi opanda chigoli amene adaitsogolera, mkono wa Klein ndi zala zinayi za Schneider. Zala zinayizo palibe angazidule n'kuziika pa TikTok, chifukwa pooneka palibe chimene chimachitika.

Sindikufuna kukometsa umphawi. Mamega atatsika mtengo ndingaonere masewera onse ndi maso, ndipo ndimakwiya ngati wina aliyense netiweki ikagwa pakati pa kutumiza ndalama ya munthu. Koma ndidazindikira kuti kusowa kwa mamega kudandikankhira, mosafuna, ku njira yokhayo pa foni yanga imene sinkandisankhira choti ndione. Zina zonse zimene zimafika pa galasi lija zimakhala zitasankhidwa kale ndi makina amene adaphunzira kuti chala changa chimaima pati. Madontho aja amabwera onse, otopetsa ndi okoma omwe, mu ndondomeko imene adachitikira, ndipo ntchito yopeza pamene pali nkhani imatsala kwa ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndidazimitsa mauthenga odziwitsa zotsatira. Ndikagona osatsatira masewera, mmawa ndimatsegula tsambalo nditaphimba zigoli ndi chala, n'kuwerenga kuchokera pa inning yoyamba. Chachikulu koposa n'chakuti ndidaleka kuwerenga chamumtima. Ndidakhala ndikuyesa kuti baseball ndi kachinsinsi kanga ka m'bulangeti, kosati n'kuuza munthu kuno kumene mpira ndi Benfica, Sporting, Porto ndi UD Songo. Atsibweni adandionetsa kuti chiganizo chouma cha pa foni chimasanduka masewera chikadutsa pakamwa pa munthu kupita m'khutu la mnzake.

## Atsibweni asankha timu

Adabweranso Lachisanu, opanda ndalama yotulutsa, kudzafunsa mmene zinthu zidayendera. Ndidawauza kuti Toronto idapambana masewera awiri otsatira, oyambawo ikumenya Ohtani yemweyo, amene adaponya patangopita maola ochepa chithereni masewera aatali aja. Adakondwa poyera. Pofuna kuwakoka ndidawauza kuti Dodgers ili ndi sukulu ya baseball ku Uganda, dziko limene ana ake adali oyamba mu Africa kukasewera Little League World Series, mpikisano wa ana wa dziko lonse, mu 2012. Koma pakamwa padandipsetsa, chifukwa ndidawonjeza kuti Gift Ngoepe wa ku South Africa, munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kusewera mu MLB, amene adayamba ndi Pittsburgh Pirates mu Epulo 2017, adaseweraponso Toronto chaka chotsatira. Kenaka adafunsa kuti timuyo idatenga liti chikho komaliza.

"Mu 1992 ndi mu 1993, atsibweni. Chichokereni apo sidatengenso."

"Mwezi wanji mu 1992?"

"Okutobala."

"Mwezi umene adasaina mtendere ku Roma. Ndipo 1993 ndi chaka chimene ndidabwerera kumudzi. Usandivutitsenso, mwanawe, timu yanga ndi imeneyo."

Usiku wa masewera achisanu ndi chiwiri, omaliza, adagona kwathu. Tidayala makadi pa tebulo 2 koloko usiku wa Lamulungu, pa 2 Novembala. Bo Bichette wa Toronto atamenya home run ya zigoli zitatu atsibweni adaimirira n'kuvina pang'ono ngoma, mwakachetechete kuopa kudzutsa ana. Toronto idalowa mu inning ya 9 ikutsogola 4 kwa 3, itatsala kutulutsa anthu awiri okha kuti itenge chikho, pamene Miguel Rojas wa Dodgers, munthu wosadziwika ndi ma home run, adaumenya kunja. M'chigawo chachiwiri cha inning yomweyo Toronto idadzaza mabase, ndipo Isiah Kiner-Falefa, akuthamanga kuchoka pa base yachitatu ndi chigoli cha chikho, adatulutsidwa pa khomo ndi kampata kochepetsetsa. Mpira wotsatira udawakhidwa ndi Pages chakumpanda atagundana ndi mnzake. Will Smith wa Dodgers adamenya home run mu inning ya 11, ndipo Yamamoto, amene adaponyanso dzulo lake, adatseka masewerawo 5 kwa 4. Dodgers idakhala timu yoyamba kuteteza chikho chichitireni Yankees mu 2000.

Atsibweni adakana tiyi. Adakwera njinga kupita ku tchalitchi osanditsanzika bwino, ndipo kwa masabata angapo ndalama zawo ankatuma mdzukulu.

Atabweranso, mvula itagwa ndipo chimanga chitamera, adafikira pa nkhani ya Kiner-Falefa. Mlandu wawo ndi wakuti mnyamatayo adaima pafupi kwambiri ndi base yachitatu mpira usanaponyedwe, ndipo akadatalikirako phazi limodzi lokha chikho chikadapita ku Canada. Ndidawauza kuti akatswiri ambiri a kumeneko adanena zomwezo, ndi kuti ena adamuikira kumbuyo ponena kuti adauzidwa kusatalikira poopa kugwidwa mpira ukawakhidwa. Ndidafuna kuwaonetsa vidiyo yake kuti aweruze okha, koma adakankha foniyo. Adati adaziona kale pa tebulo, ndipo njere ija idali pafupi kwambiri ndi khadi.

Asanachoke adafunsa mtengo wa foni yotsegula tsamba la madontho, yosafuna zambiri. Ndidawaonetsa itel yogwiritsidwapo kale ntchito imene mwini wake adalephera kuiombola. Adaitembenuza uku ndi uku, nanena kuti auza wa ku Moatize kuti feteleza wobereketsa ayambe, foni ibwere Malichi asanathe. Chingerezi sawerenga, choncho tidapangana kuti mdzukulu wawo wa sekondale ndiye aziwawerengera, ine n'kumuphunzitsa Loweruka lililonse akabwera kudzatchaja.